Kulera Mluza wa Ng'ombe M'kambale

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akalulu anakwera ndege kuchoka ku England kupita ku South Africa. Sanali akalulu wamba. M'njira zawo za mazira, zomangidwa ndi ulusi kuti kanthu kasatulukemo, munali miluza ya nkhosa za mtundu wa Border Leicester imene akatswiri a ku Cambridge anaikamo. Atafika ku Pietermaritzburg, miluza ija anaichotsa n'kuiika m'nkhosa za komweko, ndipo patapita miyezi isanu ana a nkhosa anabadwa. Munthu akamva lero amaseka, koma eni ake sankachita chibwana. Masiku amenewo kunalibe madzi opangidwa ndi munthu amene akanasunga mluza wa nkhosa kapena wa ng'ombe n'kumakula kwa masiku angapo. Thupi la kalulu linkatha, chikhalirecho kalulu ndi nkhosa si pachibale. Nanga m'njira ya maziramo muli chiyani chimene m'kambale mulibe?

Tiyambe taona kanthu kamene tikunenaka. Dzira la ng'ombe n'laling'ono zedi: mutandandalika mazira 6 kapena 7 ndiye akwane milimita imodzi. Likakumana ndi umuna wa nkhunzi limasanduka mluza n'kuyamba kugawikana, maselo 2, kenako 4, 8, 16, uku ukutsetsereka pang'onopang'ono m'kanjira kochokera ku thumba la mazira. Pa tsiku la 4 kapena la 5 umagwera m'chiberekero. Pofika tsiku la 7 umakhala kampira kamphako mkati, ka maselo opitirira 100, kamene asayansi amakatcha blastocyst. Apa maselo amakhala atagawana kale ntchito: kagulu kamkati ndiko kadzakhale thole, akunjawo ndiwo adzapange nsengwa. Sabata imodzi yokhayi ndi imene labotale imafuna kugwirira ntchito ng'ombe. Masiku opitirira 270 otsalawo bere amasenza ndi ng'ombe yolandira.

Kusamutsa mluza kuchoka m'nyama ina kupita m'nyama inzake kunayamba kalekale. Walter Heape anachita zimenezi ndi akalulu ku England mu 1890, ndipo za thole loyamba lobadwa mwa njirayi analengeza mu 1951 ndi Elwyn Willett ndi anzake ku Wisconsin, m'dziko la America. Koma kusamutsa n'kwina, kulera n'kwina. Pa mbewa zinayenda msanga. Mu 1956 Wesley Whitten analera miluza ya mbewa m'madzi a mchere, shuga ndi puloteni ya m'magazi mpaka kufika pa blastocyst, ndipo mu 1958 Anne McLaren ndi John Biggers ku London anasonyeza kuti miluza yoleredwa chonchi imabadwa n'kukhala mbewa zabwinobwino. A ng'ombe atayesa njira yomweyo anagwira njakata. Mluza unkagawikana bwino mpaka maselo 8, mwina 16, basi n'kuima njii.

Chifukwa chake chinadzadziwika pambuyo pake. Masiku oyambirira mluza umayendera zipangizo ndi malangizo amene dzira linasunga likadali mwa make. Pa maselo 8 mpaka 16 m'pamene majini ake enieni amadzuka n'kuyamba kulamulira, ndipo ngati malo sali bwino, nthawi yosinthana imeneyi ndi imene umafera.

Onse ankaganiza kuti vuto ndi chakudya, ndipo sanalakwitse kwenikweni. Mu 1972 Robin Tervit, David Whittingham ndi Tim Rowson ku Cambridge anatenga zimene akatswiri a ku Australia anapeza atayeza madzi a m'njira ya mazira ya nkhosa, n'kusakaniza madzi awoawo otengera muyeso umenewo. Anachepetsanso okosijeni kufika pa 5 peresenti, m'malo mwa 21 peresenti ya mpweya umene timapumawu, pakuti m'kati mwa thupi okosijeni ndi wochepa. Madzi awowo, odziwika ndi zilembo zakuti SOF, akugwirabe ntchito mpaka lero atawakonzakonza. Koma pa nthawiyo ena akayesa zinkatheka, ena osatheka, ndipo malonda a miluza amene anakula m'ma 1970 anayenda njira ina: kubaya ng'ombe yabwino mahomoni kuti itulutse mazira ambiri, kuipatsa umuna, n'kutsuka chiberekero chake pa tsiku la 7. Mayi ankalera yekha, anthu n'kumangotola.

Pa 9 Juni 1981 kunabadwa thole lamphongo lotchedwa Virgil, loyamba padziko lonse lochokera ku dzira limene linakumana ndi umuna m'kambale. Ntchitoyi inali ya Benjamin Brackett ndi anzake pa yunivesite ya Pennsylvania. Tinene chilungamo, komabe: dziralo linakhwimira mwa make, ndipo mluza anaubwezera m'njira ya mazira ya ng'ombe ina uli ndi maselo 4 okha. Malo ovuta aja anangowalambalala. Chimene chinasinthadi zinthu chinabwera chapakati pa zaka za m'ma 1980, pamene John Parrish ndi Neal First ku Wisconsin anapeza kuti heparin, mankhwala aja oletsa magazi kuundana, amakonzekeretsa umuna wa nkhunzi kuti uthe kuboola dzira. Kuyambira pamenepo wophunzira aliyense ankatha kulawirira kophera ng'ombe ndi fulasiki ya madzi ofunda, kubwerako ndi matumba a mazira, kuyamwa maziramo ndi jakisoni, kuwakhwimitsa kwa maola 24 m'bokosi lofunditsa, mawa lake n'kuwathira umuna. Miluza inachuluka, yotsika mtengo. Kolerera ndiko kunalibe. Anthu anabwerekanso thupi la nyama: ku Dublin, gulu la Ian Gordon linkaika miluza ya ng'ombe m'njira ya mazira ya nkhosa yamoyo, n'kudzaitenga patapita masiku angapo, ndipo mu 1987 ng'ombe zinatenga bere ndi miluza yotere.

Chaka chomwecho Fulvio Gandolfi ndi Robert Moor ku Cambridge anaganiza zakuti m'malo mopititsa mluza ku njira ya mazira, bwanji osabweretsa njirayo kwa mluza. Anapala maselo a m'kati mwake n'kuwadzala pansi pa kambale, miluza ya nkhosa n'kukhala pamwamba, ndipo inadutsa malo ovuta aja. Mu 1989 Eyestone ndi First anachita chimodzimodzi ndi ng'ombe, koma anapitirira apo. Anasiya maselowo m'madzi kwa masiku, kenako n'kuwachotsa onse. Madzi otsalawo, opanda selo ngakhale limodzi, analera miluza pafupifupi mofanana ndi pamene maselo alipo. Ndiye kuti maselo aja ankasiya kanthu m'madzimo, kapena ankachotsamo kanthu koipa, kapenanso zonse ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti maselo a chiwindi cha khoswe ndi a impso za nyani nawonso ankathandiza. Zimenezi zikanayenera kuchenjeza anthu kuti pano palibe chinsinsi chimodzi chobisika mwa ng'ombe yokha, koma mtima wa munthu umakonda kusaka chinthu chimodzi chotchulika dzina.

Ndipo mayina analipo kale, ochokera kwa anthu amene sankaganizako n'komwe za ng'ombe. Ku St Louis, m'ma 1950, Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen ankafufuza puloteni imene imameretsa minyewa. Tsiku lina Cohen anagwiritsa ntchito ululu wa njoka pofuna kungoyeretsa zinthu zake, n'kupeza kuti mu ululumo puloteni ija ilimo yambirimbiri. Poti ululu umachokera m'tiziwalo tofanana ndi topanga malovu, anayang'ana m'tiziwalo ta malovu ta mbewa yamphongo, ndipo anaipezamo. Koma atabaya tiana ta mbewa madzi a m'tiziwaloto anaona china chimene sankachifuna: tianato tinkatsegula maso patangopita pafupifupi sabata imodzi, pamene mwachibadwa timatsegula patatha masiku 12 mpaka 14, ndipo mano ankamera msanga. Wina akanangoti n'zosokoneza. Cohen, atasamukira ku Vanderbilt ku Nashville, anatsata mpaka anapatula puloteni yochititsa zimenezi mu 1962. Imeneyi ndi EGF, yokulitsa maselo a khungu. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1986. Kwinanso, mu 1957, William Salmon ndi William Daughaday anaona kuti homoni yokulitsa thupi siigwira yokha ntchito pa chichereche, imatuma chinthu china cha m'magazi. Kapangidwe kake kanadziwika mu 1978 ku Zürich, ndipo poti n'kofanana ndi insulini, anachitcha IGF-1.

Mapuloteni amenewa si chakudya. Selo siliwadya kuti lipeze mphamvu kapena kuti limangire thupi. Ndi uthenga. Pakhungu la selo pamakhala puloteni ina yoyenerana ndi uthenga umodzi wokha, ndipo ziwirizi zikagwirana, m'kati mwa selo mapuloteni amayamba kudzutsana mmodzimmodzi mpaka nkhani ifike ku majini. Selo limatha kugawikana, kukoka shuga wambiri, kusanduka selo la mtundu wina, kapena kuleka kudzipha, pakuti selo lovulala lili ndi njira yodziwonongera lokha. Kuchuluka kwake n'komvetsa chizungulire. IGF-1 amaika mananogalamu 100 pa mililita imodzi ya madzi olerera. Mutadzaza dramu ya malita 200, mufunika mamiligalamu 20 okha, osakwana n'komwe mchere wotsina ndi zala ziwiri.

Mu 1988 Daniel Rappolee ndi anzake ku San Francisco anapeza kuti mluza wa mbewa umapanga wokha ena mwa mapuloteniwa. Mu 1990 B. C. Paria ndi S. K. Dey ku Kansas anasonyeza tanthauzo lake: miluza yoikidwa pamodzi m'kadontho kamodzi imakula bwino kuposa umodzi wokhala wokha, ndipo wokhala wokhawo ukapatsidwa EGF umayamba kuwapeza anzake. Miluza imalimbikitsana. Aliyense wogwira ntchito m'labotale ya ng'ombe amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaiika m'magulu a 20 kapena 30 m'kadontho kophimbidwa ndi mafuta, ndipo ng'ombe imene yapereka mazira awiri okha imakhala mutu wopweteka. Mu 2000 Gábor Vajta anapeza njira yosavuta: kuboola timaenje ting'onoting'ono pansi pa kambale, mluza uliwonse kadzenje kake, kuti zimene ukutulutsa zisamwazike.

Pa ng'ombe, chaka cha 1992 chinabala zambiri. Andrew Watson ndi anzake ku Canada anasonyeza kuti mluza wa ng'ombe uli ndi majini a mapuloteni angapo oterewa pamodzi ndi zolandirira zake. Gulu lina ku America, la Larson, Ignotz ndi Currie, linapeza kuti TGF-beta ndi FGF2 zikaikidwa pamodzi zimathandiza mluza kudutsa pa maselo 8 paja kuposa chilichonse pachokha. Kenako malabotale a ku Japan, Germany, Ireland ndi kwina anayamba kuyesa mmodzimmodzi: PDGF, LIF, activin, IGF-1, IGF-2. Wina ankati yathandiza, wina ankati sinachite kanthu, wina n'kuti yathandiza koma mluza ukakhala wokha basi. Imene inakhazikika msanga ndi EGF, osati polera mluza koma pokhwimitsa dzira. Imafufumitsa maselo ozungulira dziralo, ndipo mu 2004 gulu la Marco Conti ku Stanford linaonetsa kuti m'thupi momwemo homoni yoswetsa dzira imagwira ntchito potuma abale ake a EGF.

Kuona kwanga, zaka zimenezi anthu anataya nthawi yambiri powerenga chinthu cholakwika. Muyeso wa zonse unali umodzi: mwa mazira 100, angati afika pa blastocyst pa tsiku la 7? Nambala yake inkazungulira pa 30 mpaka 40, ndipo aliyense ankafuna kuikweza. Kuwerenga koteroko n'kosavuta ndiponso kotsika mtengo, pamene kudikira thole kumafuna ng'ombe mazana ndi miyezi 9. Koma mlimi sakama blastocyst.

Amene anasokoneza kwambiri mawerengedwewo ndi seramu, madzi achikasu aja otsala magazi akaundana, makamaka ochokera kwa ana a ng'ombe opezeka m'mimba kophera. Anthu ankathira 5 kapena 10 peresenti m'madzi olerera chifukwa zinkayenda: miluza inkafika msanga, yambiri. M'seramu muli mapuloteni okulitsa osawerengeka, mahomoni ndi mafuta, ndipo botolo lililonse limasiyana ndi linzake, moti woyesa IGF-1 m'madzi okhala ndi seramu ankathira chinthu chimene chinalimo kale pa muyeso umene iye sankaudziwa. Choipa koposa chinaonekera kukhola. Kumayambiriro kwa m'ma 1990 kunayamba kubadwa ana a ng'ombe ndi a nkhosa aakulu modabwitsa, ena kuwirikiza kawiri kulemera kwa masiku onse. Bere linkapitirira masiku, madzi ankadzaza m'chiberekero, ena ankabadwa ndi lilime lalikulu kapena mchombo wotuluka, ambiri pochita kung'amba make, ndipo ena ankafa atangobadwa. Mu 2001 Lorraine Young ndi anzake ku Roslin, ku Scotland, anapeza kuti mwa ana a nkhosa oterewa jini ya IGF2R inali itafooka. Ntchito ya puloteni ya jini imeneyi ndi kugwira IGF-2 n'kuiwononga kuti mwana asakule mopitirira. Jiniyo siinathyoke ayi, chimene chinafufutika ndi tizizindikiro tokhala pamwamba pake, touza selo kuti iwerenge kapena isawerenge. Sabata imodzi m'kambale inasiya chipsera chimene chinadzaoneka patapita miyezi.

Mu 2002 Dimitrios Rizos ndi Pat Lonergan ku Dublin anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ankazisakaniza. Kuchuluka kwa miluza yofika pa tsiku la 7 kumadalira makamaka dzira, mmene linakhwimira. Ubwino wa mluzawo, monga kupirira kuumitsidwa m'naitirojeni wamadzi, ndiwo umadalira kumene waleredwa. Miluza yopangidwa m'kambale koma n'kuleredwa mwa nkhosa inkapirira ngati yachibadwa. Ndiye kuti uthenga wa mayi sukweza kwambiri nambala ija. Umasintha mluza weniweniwo.

Amene anatsata mfundoyi mpaka kukhola ndi Peter Hansen wa ku yunivesite ya Florida ku Gainesville, ndipo chinamukankha ndi dzuwa. Ng'ombe za mkaka za Holstein ku Florida zimavuta kutenga bere m'chilimwe, monga mmene mlimi wa ng'ombe za Friesian kwathu kuno amauonera mwezi wa Okutobala. Thupi la ng'ombe limayenera kukhala pa madigiri 38.5, koma kukatentha limafika 40 kapena 41, ndipo mluza wa tsiku limodzi supirira. Wa tsiku la 7 umapirira, n'chifukwa chake kuika mluza wokula kale kumalambalala masiku oopsawo. Gulu lakelo linapezanso kuti miluza ya Brahman, ng'ombe yalinunda ngati zathu zamakolo, imalimba pa kutentha kuposa ya Holstein. Mu 2004 Jousan ndi Hansen anaonetsa kuti IGF-1 imachepetsa kudzipha kwa maselo mluza ukatenthedwa. Mu 2007 Jeremy Block ndi Hansen anaika miluza yoleredwa ndi IGF-1 m'ng'ombe zokamidwa: m'chilimwe zambiri zinatenga bere kuposa zolandira miluza wamba, m'nyengo yozizira kusiyana kunalibe. Puloteni yomweyo, muyeso womwewo, koma phindu lake linadalira mwezi.

Nkhani ya CSF2 ndiye yokhota kwambiri. Puloteni imeneyi inadziwika poyamba ngati yokulitsa maselo oyera a m'magazi, koma chiberekero nachonso chimaitulutsa. Mu 1997 de Moraes ndi Hansen anaona kuti imathandiza miluza ya ng'ombe m'kambale. Mu 2009 Bárbara Loureiro ndi anzake anaiika kuyambira tsiku la 5 mpaka la 7, nthawi imene mluza ukanakhala utalowa m'chiberekero, ndipo ng'ombe zochepa zinataya bere, zambiri zinabereka. Anthu anati tapeza. Kenako zinadziwika kuti mluza waumuna ndi waukazi sumva uthengawu mofanana: pa tsiku la 15, CSF2 inali itatalikitsa wa mtundu umodzi n'kufupikitsa winawo. Ndipo kafukufuku wina wa gulu lomwelo, wotuluka mu 2022, anasonyeza kuti zochita za CSF2 ndi za puloteni ina yotchedwa DKK1 zimasintha malinga ndi madzi amene mluza waleredwamo. Ndimawalemekeza anthu amenewa pa chinthu chimodzi: zotsatira zofooketsa zimene anapeza okha anazisindikiza.

Ena anasiya kusaka puloteni imodzi n'kuyamba kuphatikiza. Ku yunivesite ya Missouri, mu 2017, Ye Yuan ndi anzake anasakaniza FGF2, LIF ndi IGF-1 pokhwimitsa mazira a nkhumba, ndipo ana a nkhumba obadwa pa mazira omwewo anachuluka pafupifupi kanayi. Atayesa pa ng'ombe mu 2021, phindu looneka bwino linali lakuti miluza inkapirira kuumitsidwa. Pa malonda chimenechi si chaching'ono, chifukwa mluza wosaumitsika uyenera kupeza ng'ombe yolandira tsiku lomwelo.

Malondawo sanadikire kuti mikangano ithe. Kuyambira 1988, pamene Pieterse ndi anzake ku Utrecht anapeza njira yoyamwa mazira m'ng'ombe yamoyo ndi singano yotsogoleredwa ndi makina ounikira m'mimba, ng'ombe imodzi yabwino imatha kupereka mazira sabata ndi sabata. Brazil ndiye inatsogola, poti ng'ombe zake za Nelore zimapereka mazira ambiri pa ulendo umodzi kuposa za ku Ulaya. Malinga ndi bungwe la International Embryo Technology Society, mu 2016 miluza yopangidwa m'labotale inaposa koyamba yotsukidwa m'chiberekero, ndipo mu 2021 inapitirira 1.5 miliyoni, yambiri ku America ndi ku Brazil. Makampani ogulitsa madzi olerera saulula zonse zimene amaikamo, choncho mbali ina ya mbiriyi yatsekeredwa m'mabotolo.

Malire a kambale akadali pomwe analili. Pa tsiku la 8 kapena la 9 mluza umaswa chikhungu chake n'kutuluka. M'chiberekero, chakumapeto kwa sabata yachiwiri, umayamba kutalika mofulumira mpaka kukhala kaulusi ka masentimita ambiri, uku ukutulutsa puloteni yakeyake, interferon tau, imene iyenera kufika kwa make pofika tsiku la 16 kuti asafunenso nkhunzi. Apa uthenga umayenda mbali zonse: FGF2 ya m'chiberekero imachulukitsa interferon tau, interferon tau n'kusintha zimene chiberekero chikutulutsa. M'kambale mluza sutalika chonchi. Ku Brazil mu 2004 anayesa kuuika m'timipata topapatiza, unatalikako pang'ono, koma kagulu kamkati kaja sikanakule bwino. Ku Texas, Thomas Spencer ndi Fuller Bazer anakulitsa nkhosa zimene chiberekero chake chinalibe tiziwalo totulutsa madzi. Miluza yake inkafika pa blastocyst, kuswa, basi osatalika. Choncho pa tsiku la 7, kaya mluza wapatsidwa IGF-1 kaya CSF2, amaukokera m'kapaipi ka pulasitiki ka kota ya mililita n'kupita nawo kukhola, kukauika m'ng'ombe imene inafuna nkhunzi masiku 7 apitawo.